Zaka Khumi ndi Ziwiri Zimene Kampani Yaiwala

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1951, achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Ine ndaima panone ndine mlongo wawo wopondana nawo. Andiuza kuti ndisatalikitse, koma mundipirire, chifukwa kapepala kamene mwagawiridwa polowa, kosindikizidwa ndi kampani imene malemu ankagwirako ntchito, kali ndi chaka chabodza. Masiku enieni ali m'buku la maulendo la malemu, ndipo bukulo ndi ili.

Sukulu anayamba mu 1958, ndipo masamu ankawakhoza ngati akumwa madzi. Ine nditalekeza sitandade 5 n'kuyamba kusenza matumba padoko, iwo ndiwo ankandibweretsera chakudya masana. Chinkafika chitazizira, chifukwa ankaima m'njira kufunsa amalinyero kuti sitima imadziwa bwanji kolowera kumene kulibe msewu.

Mu 1970 anakalembetsa kusukulu ya zoyendetsa sitima za katundu. Anawabweza kawiri, ati kulibe chimbudzi cha akazi. Kachitatu anapita atanyamula loko ndi kiyi wake, nati angowasonyeza chitseko chimodzi, zotsalazo athana nazo okha. Anawalandira. Nanenso ndinali mmodzi mwa owaletsa, sindibisa.

Sitima yoyamba anakwera mu 1974, mkazi yekha pakati pa amuna makumi atatu. Mu 1976 anakwatiwa ndi alamu angawa, telala. Anthu ankawanyoza alamu kuti ndiwo mayi a pakhomo, iwo n'kumangoyankha kuti yunifolomu ya akazi anga imene mukuiopayo ndasoka ndine. Malemu akabwera kutchuthi sankakhazikika. Makapu ankawapanikiza kukhoma kuti asagwe, m'nyumba yosagwedezeka. Sabata ziwiri zikatha, chikwama chinali kale pakhomo.

Pa 14 Juni 1987, ali pakati pa nyanja yamchere, moto unabuka m'chipinda choyendetsera. Wailesi ndi makina osonyeza njira zinafa, kaputeni anapsa n'kugona chikomokere. Malemu, amene anali wachiwiri wake, anayendetsa sitimayo masiku khumi ndi limodzi ndi kampasi, pensulo ndi kachipangizo koyezera dzuwa, mpaka anaikocheza padoko ndi anthu onse amoyo. Lipoti la kampani linayamikira kaputeni wogona uja.

Kapepala kanuko kakuti chaka chomwecho anawapatsa ukaputeni. Sanawapatse. Anakhalabe wachiwiri zaka zina khumi ndi ziwiri, akuphunzitsa amuna asanu amene anakwezedwa mmodzimmodzi n'kumawalamulira. Awiri mwa iwo akhala pamipando yakutsogoloyi. Musaweramitse mitu, sindikutchulani. M'zaka zomwezo, mu 1991, mwana wawo wachiwiri anamwalira iwo ali paulendo. Anapempha kutsika, koma anauzidwa kuti palibe wowalowa m'malo.

Ukaputeni anaulandira pa 2 Seputembala 1999, pa sitima yokalamba yonyamula simenti imene ena onse anaikana. Anaiyendetsa zaka zisanu ndi ziwiri osaikanda ndi penti yomwe.

Anapuma ntchito mu 2006, koma kupuma kwake kunali kwa dzina chabe. Dzuwa likafika pamutu ankatulutsa beseni la madzi pabwalo, n'kuyeza dzuwalo ndi kachipangizo kawo, n'kulemba pamene nyumba ili. Alamu ankawafunsa tsiku lililonse ngati tasuntha.

Anayamba kudwala impso mu Januwale chaka chino. Kuchipatala anakangana ndi anamwino chifukwa chowagoneka kutali ndi zenera. Kumeneko ndiko anandipatsa bukuli, nati, "Achimwene, akabwera ndi nkhani yawo, musakalipe. Mungowerenga masiku." Anatisiya Lachiwiri, pa 6 Meyi, ali ndi zaka 74.

Asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu zisanu ndi zitatu, ndi ife abale awo awiri.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anapirira lilime lawo, anansi amene mwatisunga masiku atatuwa, ndi amalinyero okalamba amene mwabwera wapansi kudzanyamula bokosi la kaputeni wanu. A kampani, tathokoza chifukwa cha galimoto ndi nkhata ya maluwa. Dzulo munatibweretsera kalata yoti banja lisaine, kuti mukhome chikwangwani kulikulu lanu chonena kuti munakweza mkazi woyamba mu 1987. Alamu ndi ana agwirizana kuti sasaina. Mukalemba 1999, mubwere, cholembera tili nacho. Kalata yanu ili patebulo apo, muitenge potuluka.

Achemwali athu sanakhalepo malo amodzi mwezi wathunthu osadandaula. Mulungu yekha ndiye angawakhazike pansi. Mzimu wawo uwuse mumtendere.