Bambo Dixon Chalera ndi Msewu wa 31

Malemu bambo Dixon Chalera anabadwa pa 14 Malichi 1958 kwa Kandeu, m'dera la mfumu yaikulu Ganya, m'boma la Ntcheu. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Shadrick, mlamu wawo, mchimwene wa mayi Vainess amene aferedwa amuna awo. Abusa, akuluakulu a mpingo ndi anamalira nonse, banja landituma kuti ndifotokoze zonse monga zinachitikira, chifukwa ndi mmene malemuwo anapemphera ali moyo.

Sukulu ya pulayimale anaphunzira kwawo komweko, sekondale ku Ntcheu, ndipo m'chaka cha 1978 anapita ku Polytechnic ku Blantyre kukaphunzira ntchito yoyeza malo. Mu 1981 boma linawalemba ntchito ya usaveya ku unduna woona za misewu. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anayeza misewu ku Dedza, ku Salima ndi ku Kasungu, nthawi zambiri akugona m'matenti.

Pa 6 Ogasiti 1988 anamanga banja ndi mayi Vainess, a kwa Njolomole. Mwana wawo woyamba, Theresa, anabadwa mu 1990, ndipo Chester anabadwa mu 1993.

M'chaka cha 1998 malemu anabwera kuno ku America ndi kufikira ku South Bend. Banja linawatsatira patapita zaka ziwiri, ndipo Flora, chitsiriza, anabadwira komweko mu 2002. Mapepala awo a sukulu a ku Malawi sanawathandize kupeza ntchito ya usaveya. Munthu amene ankalamula gulu la amuna makumi atatu kumsewu anayamba kusambitsa ndi kudyetsa agogo m'nyumba yosamalirako okalamba. Ntchitoyo anaigwira mokhulupirika, ndipo sindinawamvepo akuinyoza.

Mu 2006 mayi Vainess, atamaliza maphunziro a unamwino, anapeza ntchito kuno ku Indianapolis. Anasamukira ku Lawrence, dera la mumzinda uno, pamodzi ndi ana. Malemu anatsala ku South Bend chifukwa zikalata zawo zokhalira m'dziko muno zinkayendetsedwa ndi mabwana awo a kuntchito, ndipo akanachoka zonse zikanayambiranso. Anagwirizana kuti kusiyanako kukhale kwa chaka chimodzi chokha. Kunatha zaka zisanu ndi zinayi.

Apa ndi pamene moyo wawo unalowera pa msewu wa 31. Lachisanu lililonse akaweruka ankanyamuka ku South Bend, kudutsa Lakeville, La Paz, Plymouth, Rochester, kulambalala tauni ya Peru, kulowa m'Kokomo, kenako Westfield ndi Carmel, mpaka ku Lawrence. Ndi mamailosi oposa 140, ndipo masiku amenewo unali ulendo wa maola atatu chifukwa cha maloboti ambirimbiri a ku Kokomo. Lamulungu akatuluka m'tchalitchi ankadya n'kubwerera. Kunja kukagwa chipale chofewa mayi ankawaletsa, koma iwo ankabwerabe.

Ambiri a inu munakwerako galimoto yawo. Ananyamula ophunzira opita kubwalo la ndege, odwala obwera kuchipatala, ngakhale matumba a ufa otumizirana. Amene munakwerapo mukudziwa kuti ulendo wonse unali phunziro. Ankafotokoza kuti kuchokera ku Rochester kukafika ku South Bend msewuwo umatsata njira yakale yotchedwa Michigan Road, imene inalambulidwa m'zaka za m'ma 1830 pa malo a anthu a mtundu wa Potawatomi, ndi kuti pasanapite nthawi anthuwo anachotsedwa m'derali mokakamizidwa, ambiri n'kufera m'njira. Ankatiuza kuti nambala ya 31 inadzabwera mu 1926. Ife tinkangoona minda ya chimanga, iwo ankaona pamene msewu wakhota molakwika ndi pamene madzi amadikha.

Mu 2008 mayi awo owabereka anamwalira kwa Kandeu. Zikalata zinali zisanatuluke, ndipo malemu sanathe kupita kukaika maliro. Tsiku la maliro anabwera ku Lawrence, anakhala pabalaza tsiku lonse, mawa lake n'kubwerera kuntchito.

Zikalata zinatuluka kumapeto kwa 2010. Banja linasangalala, ndipo malemu analonjeza ana kuti pofika Juni 2011, pamene Chester ankamaliza sekondale, adzakhala atasamukira kuno. Koma m'mwezi wa Epulo chaka chomwecho kampani ina yoyeza malo, imene inkagwira nawo ntchito yomanga msewu watsopano pakati pa South Bend ndi Plymouth, inawaitana. Sanawapatse udindo waukulu. Ankanyamula ndodo yoyezera ndi kukhoma zikhomo m'matope, akulamulidwa ndi anthu amsinkhu wa ana awo. Komabe, ali ndi zaka 53, anali atabwerera ku ntchito imene anaiphunzira. Anavomera.

Malemu anatipempha kuti mbali iyi tisaibise. Ntchitoyo inkawagwira ngakhale Loweruka, moti miyezi ina ankabwera kamodzi kokha. Mayi Vainess anapirira, koma zinawapweteka. Chester, amene anadikira bambo ake kuyambira ali ndi zaka khumi ndi zitatu, anasiya kuwayankhula. Bambo akafika, iye ankatuluka. Akaimba foni, sankayankha. Zinakhala choncho kwa zaka pafupifupi zinayi. Ine ndi abusa tinayesa kuwakhazika pansi kawiri konse, koma zinakanika.

Msewu wolambalala Kokomo unatsegulidwa mu Novembala 2013, ndipo wakale wodutsa m'tauni anaupatsa nambala ya 931. Gawo limene malemu anayeza nawo linatsegulidwa mu Ogasiti 2014. Ulendo wa pakati pa South Bend ndi Indianapolis unafupika. Malemu anapitiriza ntchito ku kampaniyo kwa miyezi ingapo, akunena kuti nyengo yozizira ikangotha asamuka.

Mu Febuluwale 2015 anayamba kuonda ndi kudandaula m'mimba. Sanauze aliyense mpaka m'mwezi wa Malichi, pamene madokotala anapeza khansa ya m'matumbo, itafalikira kale kuchiwindi. Sakanathanso kuyendetsa galimoto mtunda wautali. Mayi Vainess anauza Chester kuti iye ndi amene akawatenge bambo ake, osati wina, ndipo sanamupatse mpata wokana.

Loweruka pa 11 Epulo 2015 Chester anafika ku South Bend, n'kulongedza katundu wa bambo ake amene anakwana m'galimoto imodzi. Zimene ndikunenazi wandiuza yekha, ndipo wandilola kuti ndikuuzeni. Akuti mpaka ku Plymouth bambo ankangoloza milatho ndi malo amene anakhomapo zikhomo, iye akungoyendetsa. Atayandikira Kokomo, bambo anamupempha kuti apatuke adzere msewu wakale wa 931. Chester anawauza kuti kumeneko achedwa, ndipo iwo anati n'zimene akufuna. Galimoto itaima pa loboti yoyamba, bambo anamuuza kuti anamulakwira, kuti anasankha ntchito akudziwa bwino lomwe zimene analonjeza, ndipo sakupereka chifukwa chilichonse chodzitetezera. Iwo ankayankhula Chichewa, iye ankayankha m'Chingerezi, ndipo akuti mawu ake oyamba sanali aulemu. Bambo anamulola kunena zonse. Potuluka m'tauni anaimika galimoto pambali chifukwa Chester sankaonanso bwino kutsogolo ndi misozi. Ulendo wa tsiku limenelo unawatengera maola asanu.

Malemu anakhala ndi banja lawo ku Lawrence chaka chimodzi ndi theka. Chester ndi amene ankawaperekeza kuchipatala nthawi zonse. Ankafunitsitsa kukaona manda a mayi awo, ndipo tinakonza kuti apite mu Julayi chaka chino, koma madokotala sanawalole. Anamwalira kunyumba Lachiwiri pa 18 Okutobala 2016, cha m'ma 3 koloko masana, mayi Vainess ndi ana onse atatu ali pomwepo. Anali ndi zaka 58. Ananena okha kuti aikidwe kuno, pafupi ndi ana awo.

Asiya mayi Vainess, ana atatu, Theresa, Chester ndi Flora, mdzukulu mmodzi, Madalo, komanso alongo awo awiri kwa Kandeu, amene akutimvera pa foni nthawi ino.

Banja likuthokoza abusa ndi mpingo wonse, amayi amene akhala akuphika ndi kugona pa siwa sabata yonseyi, anamwino anzawo a mayi amene ankasinthana kudwazika, ndi anzawo a malemu a kuntchito amene abwera ngakhale sakumva chinenero chathu. Tikuthokozanso abale a ku South Bend, amene mwafika m'mawa uno pa magalimoto khumi ndi anayi.

Alamu, takunenerani zonse monga munatituma. Mulungu alandire mzimu wanu, muuse mumtendere.