Funsa Kaye, Jakisoni Pambuyo

Pa siteji ya basi pa Mangochi boma, makadi a chipani ataonedwa kale, mayi wobereka mwana ankacheza ndi bambo wovala yunifolomu ya kuhotela.

"Lero andidabwitsa kuchipatala, bambo. Asanambaye mwanayu jakisoni, ayamba afunsa ngati penisilini anamutupitsapo."

"Inu mwati chiyani?"

"Ndavomera. Chaka chatha Subira wangayu anatupa nkhope mpaka kubanika. Ndiye lero amupatsa mankhwala ena."

"Funso limenelo ndikudziwa kumene linabadwira, mayi. Madokotala anachita msonkhano kuhotela kwathu, ine ndikuwaperekera tiyi. Aliyense ankafotokoza za odwala amene anawaona akutupa, anzake n'kumamupanikiza kuti umboni wanu uli kuti."

"Kutsutsana pagulu, masiku ano?"

"Tsitsani mawu. Iwo ankatsutsana za matenda basi, mpaka tiyi kuzizira. Pomaliza anamanga chimodzi choti chipatala chilichonse chizitsata: funsa kaye, jakisoni pambuyo."

"Ndiye kuti za Subira anazikambanso kumeneko?"

"Mayina sankatchula. Koma wina ananena za kamtsikana ka ku Namwera."

"Ife kwathu n'ku Namwera konko, ndi yemweyu ameneyo. Alhamdulillah, Mulungu atamandike, mwana wanga sanatupe pachabe."