Dzina la Mwini Msana

Inu otiwerengera nkhani pa wailesi, ine ndine nkhalamba ya ku Chintheche. Kuwerenga ndinaphunzira imvi zitamera kale, ku sukulu ya kwacha.

Nyengo yozizira yapitayi mwera unatitsekera kumtunda, mabwato ali gone pamchenga. Ndinabwereka mabuku kwa mphunzitsi wina wopuma, onena za kufika kwa amishoni ku Bandawe m'zaka za m'ma 1880. Ndinkafunamo munthu mmodzi, agogo awo a bambo anga, amene ankabereka azunguwo kumsana powatsitsa m'ngalawa kuti asanyowe.

Mabukuwo andikhumudwitsa. Alembamo za malungo a azungu, za tiyi wawo, ngakhale za nsapato za mayi wina zimene sizinakhudze madzi. Koma mwini msana angomutcha munthu wina wa kunyanja. Ndinawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere, osamupeza.

Dzinalo ine sindilidziwa. Amene ankalidziwa ndi achemwali anga a ku Kande, omwe tinasiya kuyenderana kalekale titakanganirana munda wa chinangwa. Ndinadzikakamiza kupitako.

Ndinawapeza akuwothera dzuwa pakhonde. Nditafotokoza chimene ndadzera, anaseka.

“Ndiye lero mwatumidwa ndi buku, achimwene? Maliro a alamu anu sanakutumeni?”

Ndinangowerama. Iwo anayesa kulikumbukira dzinalo, kenako anapukusa mutu.

“Chaka chathachi ndinali nalo. Pano landithawa.”

Omvera anzanga, mabukuwo ndabweza ndipo mkwiyo sunathe. Koma amene anawalemba anali alendo. Ine ndine magazi a mwini msana uja, komabe dzina lake sindilidziwa.