Kothera kwa Nyimbo ya Pamtondo

Pokwerera malole a ku Fort Jameson, paboma pa Chadiza, mayi wobereka mwana anayang'ana bambo wonyamula banjo.

"Mumaimba kuti, bambo?"

"M'maholo a ku Migodi, mayi. Lero Kitwe, mawa Ndola, kugona pabenchi. Ndimatsekera ndi nyimbo imene amayi anga ankaimba posinja kwathu ku Zemba, koma kothera kwake ndinaiwala. Ndabwera kudzawafunsa, ndapeza anaikidwa kale."

"Pepani. Tayambani timve."

Bamboyo anaimba motsitsa.

"Imeneyo? Tinkaimba tili atsikana! Koma mawu ake sabwera munthu atangoima. Amafuna munsi m'manja."

"Lole ndi iyo yafika, mayi."

"Ilekeni ipite. Kwathu chimanga chilipo, ndipo ine msana watopa. Tiyeni mukasinje."