Makiyi a Bokosi Lofiira

Pamzere wa matikiti kudepoti ya mabasi, bambo wina analoza bokosi lofiira lagalasi limene linali pakhoma, lotseka ndi loko. Anafunsa mayi amene anali kumbuyo kwake.

"Mayi, m'bokosi umu amasungamo chiyani?"

"Makina odzutsira mtima ukaima, bambo."

"Nanga lokoyu ngwachiyani?"

"Akuti tingabe. Makiyi amayenda nawo abwana a pano."

"Munthu atagwa abwanawo atachokapo?"

"Anagwa kale, mwezi wathawu, pamene mwaimapo. Adalaivala, a ana anayi. Abwana anali atapita kukadya."

"Anthu osathandiza?"

"Anathandiza kumene! Wina kuwathira madzi, wina kuwakupiza ndi katoni, wina kujambula pafoni. Mtsikana wina anagwada n'kuyamba kuwapsinja pachifuwa, koma anthu anamukoka, ati awathyola nthiti."

"Osangoswa galasilo bwanji?"

"Mlonda anati woswayo akagona kupolisi."

"Ndiye makiyiwo anafika?"

"Anafika titawafunditsa kale nsalu."

"Mukuidziwatu bwino nkhaniyi. Munalipo?"

"Nsaluyo inali yanga. Ndinali nditawabweretsera chakudya bambo a ana angawo. Sunthani, bambo, mzere wayenda."