Tsiku limene Dzukani ananditsekera m'khola

Zaka zinayi zapitazo, nyengo ngati inoyi, anthu atakumba mtedza ndipo mphepo yozizira ikutsika m'mapiri a Ntchisi n'kumalowa mpaka m'mafupa, ine amene mukundiona ndikukhoma zidebe lero ndinali munthu wochita kunyamulidwa ngati thumba la feteleza. Sendezani lichero ilo pakati, adzukulu, manja aziswa mtedza makutu akumva.

Ndinagwa m'mawa wina m'shedi mwangamu ndikumanga mabuleki a njinga ya mphunzitsi wina wa ku Nachisaka. Sipanala inangopulumuka m'dzanja, ndipo pomwe ndimati ndiitole ndinapeza kuti nanenso ndili pansi pomwepo, kukamwa kutapotoka. Ananditengera kuchipatala ku Dowa boma, ndipo adokotala anati ndi sitiroko, magazi anathamanga mopitirira. Kale tikadati afiti andimenya ndi hamala usiku, ndipo abale akadayamba kuyang'anana m'maso. Koma agogo anu a Nabanda anati, "Mfiti yake iti yolimba mtima kubwera ndi hamala kwa munthu amene ali ndi mahamala atatu? Ndi mchere umene mumathira ngati mukukazinga mbewa."

Ndinabwerera kuno ku Msakambewa dzanja lamanzere litangoti lende, mwendo ndikuchita kukoka. A mafizo, aja ophunzitsa odwala kuwongola ziwalo, anandipatsa kampira kobiriwira kuti ndizikafinya, ndiponso anati tsiku lililonse ndiziyenda kukafika pamtengo wa mango uko n'kubwerera. Ine ndinakana. Munthu amene ndakhoma madenga a malata m'midzi yonse ino, mkulu wa mpingo, ndizifinya kampira ngati khanda? Ndinakhala pa mpando wandalema pakhonde, shedi ndinaitseka ndi loko, ndipo odzandiona ankalankhula motsitsa mawu ngati afika pamaliro. Ndikuuzeni zoona, mtima unali utafa kuposa dzanjalo.

Patapita miyezi iwiri kunabwera mwana wanga Rute, azakhali anu a ku Lilongwe aja, atanyamula katoni yoboolaboola. Anagwada, anandilonjera, kenako anati, "Ababa, amayi atopa, msana wawo sungathe kukunyamulani mpaka kalekale. Mvula ikamadzagwa musanayambe kuyenda, ndidzabwera kudzakutengani muzikakhala kwathu m'tauni, ndipo zida za m'shedimo tidzapatsa ena azigwiritsa ntchito."

Mawu amenewo anandilasa. Ine kukakhala m'nyumba ya mpanda wa njerwa, kumangoonera wailesi ya kanema, vaisi yanga yopanira zitsulo ija ili m'manja mwa munthu wosadziwa n'kuthira girisi komwe! Koma ndisanayankhe, katoni ija inagwedezeka, ndipo munatuluka kagalu kofiirira, makutu aakulu ngati masamba a fodya, mimba ngati chipanda. Kanandiyang'ana, kanayandikira, n'kukodzera phazi langa lodwalalo.

"Nanga ichi?" ndinafunsa.

"Wokuchezetsani," anatero Rute, natulutsa khadi la katemera. Mukumva, adzukulu? Galu wokhala ndi khadi la kuchipatala! M'masiku athu galu ankadzipezera yekha ulemu ku uzimba, ankadya mkute ukatsala, ndipo pakhonde sankapondapo. Komanso dzina la galu silinkangoperekedwa ngati mmene mumachitira lero, kutola dzina la wosewera mpira. Dzina la galu linali kalata yopita kwa anansi. Ngati wina amakujeda, galu umamutcha Adzatopa, ndipo madzulo umangoima pabwalo n'kufuula, "Adzatopa! Adzatopa!" Mwini nkhani ankamva ali kwawo, koma mlandu panalibe, popeza iwe ukuitana galu wako.

Mwambo umenewu a Nabanda anali asanauiwale. Rute atangokwera minibasi, iwo anati, "Galuyu dzina lake ndi Dzukani."

Kuyambira tsiku limenelo pakhomo pano panalibe mtendere. M'mawa, "Dzukani!" Masana, "Dzukani, mwangogona pamenepo, manyazi mulibe?" Ndikati nditembenuke kuti ndiyankhe, ndinkapeza akuyang'ana galu, nkhope ili phee ngati ali m'tchalitchi. Zaka makumi anayi tili limodzi sanandikalipirepo pagulu, koma tsopano anapeza njira yondinenera mudzi wonse ukumva.

Kagaluko nako kanali ndi ntchito yake. Kanadya patapata wanga wakumanja, dala kusiya wa phazi lodwala. Kanang'amba buku la nyimbo. Kankakonda kwambiri ndodo yanga yoyendera, ndipo ndikangoitsamiritsa pakhoma kankaikoka mpaka kuseri kwa nkhokwe. Tsiku lina kanaba kampira kaja. Ine kampirako sindinkakafuna n'komwe, koma chinthu chako ndi chako, ndipo kuona kagalu kakukatafuna patsogolo panga, kakundiyang'ana ndi diso limodzi, kunandiwiritsa magazi amene adokotala anati ndisamawawiritse. Ndinagwira mzati wa khonde, ndinaimirira, ndipo ndinayenda mapazi asanu ndi limodzi ndikutukwana. A Nabanda anaona ali pamtondo, koma anangopitiriza kusinja.

Choopsa chinachitika kagaluko katakumba dzenje pansi pa chitseko cha shedi. Tsiku loyamba kanatuluka ndi chiguduli cha girisi, lachiwiri ndi chubu, ndipo lachitatu kanabwera monyadira katanyamula sikuludiraiva yanga ya chigwiriro chofiira, imene ndinagula ndisanakwatire. Apo ndiye ndinati zakwana. "Nabanda, ndipatseni kiyi. Chilombochi ndichimangira khola, chizikhala m'ndende."

"Ndi dzanja limodzi?"

"Inu muzindigwirira misomali."

"Ine chala changa, inu hamala, maso anu amenewo? Pepani bambo a Rute, ndikadali ndi ntchito nazo zalazi."

Ndiye ndinayamba ndekha. Thabwa ndinkalimanga pa vaisi, msomali ndinkaupanitsa ndi pulayazi, ndipo dzanja lodwalalo ndinkalinyamula ndi linzake n'kuliika pamwamba pa thabwa kuti lizingotsamira ngati mwala. Ntchito imene kale inali ya tsiku limodzi inanditengera masabata atatu, koma paja amati pang'onopang'ono ndi mtolo. Dzukani ankakhala pambali panga tsiku lonse, kugona pa utuchi, kuba pensulo, osadziwa kuti ndikumumangira ndende. Ndipo ndinaimanga yaikulu ndithu, yoti adzakwanemo ngakhale atakula ngati mwana wa ng'ombe. Chimene ndinanyadira kwambiri chinali chitseko. Ndinachimangirira legeni la chubu kuti chizidzitseka chokha, ndipo kunja ndinaika kachitsulo kochokera ku buleki ya njinga, koti chitseko chikangomenya, iko kagwe m'malo mwake, khethe! Ndinauza a Nabanda kuti nzeru zotere ngakhale ku Lilongwe kulibe.

Kholalo tinalikokera pabwalo, pansi pa mango. Dzukani analinunkhiza, n'kukana kulowa. Nditasuzumira ndinaona kuti misomali ina ya denga yatulukira mkati, nsonga zili pansi. Ndinadziuza kuti mkaidi ndi mkaidi, koma kumubaya mutu si chilungamo. Musaseke, panthawiyo ndinali nditayamba kale kumusiyira nyama m'mbale mwanga a Nabanda akayang'ana kumbali. Choncho ndinatsegula chitseko, ndinachichirikiza ndi ndodo yanga, ndipo ndinakwawira mkati ndi hamala kuti ndipinde misomaliyo. Matenda anali atandiwondetsa, ndinalowa thupi lonse n'kugona chammbali, dzanja labwino lili kunsi.

Tsoka silinunkha, adzukulu. Dzukani anaona ndodo.

Ndinangomva phaa! kenako khethe! Nzeru zosapezeka ku Lilongwe zija zinagwira ntchito bwinobwino. Ndinayesa kutembenuka, malo panalibe. Dzanja lamanja linapanikizika pansi pa nthiti, ndipo limene linali pafupi ndi mpata wa matabwa, pomwe panali kachitsulo kaja, linali lamanzere, lakufalo.

Ndisanaganize zofuula, ndinamva nyimbo ikubwera ndi njira ya kuchitsime. Apo ndi pamene ndinakumbukira kuti a Nabanda anandiuza m'mawa kuti ndivale jekete chifukwa amayi a kumpingo abwera kudzandipempherera. Analowa pabwalo amayi asanu ndi atatu, mabulauzi oyera mbee, patsogolo pali mayi Kachingwe, mtsogoleri wawo, munthu wathupi lake ndithu komanso wa mawu omveka kutsidya kwa dambo.

"Odwala ali kuti?" anafunsa.

"Anali pampando pomwepa," anayankha a Nabanda. "Bambo a Rute! Bambo a Rute!"

Ine zii. Mkulu wa mpingo angayankhe bwanji ali m'khola la galu? Ndinati ndidikire, akalowa m'nyumba ndiitana mkazi wanga monong'ona. Koma iwo sanalowe. Anayala mphasa pamthunzi wa mango pomwepo, ndipo mayi Kachingwe, poti mawondo amawavuta, anayang'anayang'ana pokhala n'kuona khola langa. "Kabenchi kabwino aka," anatero, nakhala. Denga linalira, ndipo misomali imene ndinali ndisanapinde ija inatsika n'kuyamba kundigunda pa phewa.

A Nabanda anathamangira kudimba, anabwerako, anasuzumira m'shedi, ndipo ndinamva mawu awo akunjenjemera. Zimenezo zinandipweteka kuposa misomali, komabe chifukwa cha manyazi ndinapitiriza kubisala. Mayi Kachingwe anati, "Tiyeni tipemphere kaye, Mulungu akudziwa kumene ali." Ndipo anayamba, ndipo inu mukuwadziwa, akayamba pemphero nyemba zimapsa. "Mbale wathu wagona, Ambuye, wapanikizika, alibe potembenukira! Mtulutseni m'malo a mdima!" Ine mumtima ndinkangoti ameni, zoonadi zimenezo. Dzukani anataya ndodo, anabwera kudzakanda chitseko, akulowetsa mphuno n'kumandinyambita khutu. A Nabanda anatsegula diso limodzi n'kukalipa, "Dzukani! Chokani apo!"

Tsono mankhwala a magazi amene ndimamwa aja ali ndi khalidwe lake, amatumiza munthu kuseri pafupipafupi, ndipo m'mawa umenewo ndinali nditamwa makapu awiri a tiyi. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo mwambi umenewu ndinaumvetsa tsiku limenelo. Ndinaliyang'ana dzanja lija n'kuliuza chamumtima kuti, iwe, tadyera limodzi zaka zonsezi, lero usandichititse manyazi pamaso pa amayi. Ndinalikankha ndi bondo mpaka linalowa pampata. Thukuta linali kamukamu. Chala chachikulu chinagwedezeka, cholozera chinatsatira, zinakhudza kachitsulo, zinaterereka. Ndinayesanso kachiwiri, kachitatu, ndipo kachinayi zinagwira n'kukweza.

Mayi wina amene sankatsinzina mokwanira anaona dzanja likutuluka pansi pa mayi Kachingwe, ndipo anakuwa, "Mayo, dzanja!" Mayi Kachingwe anaiwala mawondo, analumpha mphasa yonse. Ine ndinatuluka chokwawa, utuchi uli m'mutu, galu akundizungulira, ndinagwira denga n'kuimirira. Ndinati, "Takulandirani amayi. Pitirizani, ndikubwera," ndipo ndinalunjika kuseri kwa nyumba, wopanda ndodo, pa liwiro limene a mafizo akadaliona akadandipatsa mphotho. Kumbuyo kwanga nthungululu zinasweka.

Alendo atapita, dzuwa likupendeka, a Nabanda anakhala pambali panga pakhonde. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, koma anangofunsa, "Munatsegula ndi dzanja liti?" Ndinawaonetsa. Anaika chala chawo m'chikhatho changa nati, "Finyani." Ndinafinya, pang'ono chabe, ngati mmene amagwirira mwana wobadwa kumene. Anayang'ana kumbali, anapukuta m'maso ndi chitenje, kenako anayamba kuseka, ndipo anaseka mpaka kutsokomola, nanenso ndinaseka koyamba chigwereni.

Mayi Kachingwe mpaka lero amauza anthu kuti pemphero lawo linatulutsa munthu m'manda. Ine sinditsutsa, pemphero linalipo ndithu, koma ndimadziwanso kuti dzanjalo linali litakhala masabata atatu likutsamira matabwa, likukumbutsidwa ntchito yake. Kuchokera pamenepo kampira ndinayamba kukafinya, ngakhale kanali kotafunidwa, ndipo m'mawa uliwonse Dzukani ankandikoka mpaka kumsewu. Mvula yoyamba itagwa Rute anabweradi, anandipeza m'shedi ndikuwongola masipoko a njinga, ndipo mawa lake anabwerera yekha atanyamula nkhuku. Chala chaching'onochi mpaka pano sichimvera, onani, chimangoima ngati mlendo, koma zinayi zinazo zimandikwanira. Kholalo galu sanagonemo ngakhale tsiku limodzi, ndi lija mumaikira nkhuku ya mawanga.

Ndiye adzukulu, inu mudzasamala odwala, ndipo ena mwa inu mudzadwala, poti thupi silipangana ndi munthu. Wodwala muzimukonda, mankhwala azimwa monga anenera achipatala, koma musamamuchitire zonse mpaka kumulanda chifukwa chodzukira. Musiyireni kantchito, ngakhale kakumukwiyitsa, chifukwa nthawi zina munthu amaimirira ndi mkwiyo pomwe chisoni chamulephera. Ndipo tsiku lina mukadzakhoma chitseko, kaya cha khola kaya cha chiyani, muzisiya potsegulira mkati, poti simudziwa amene adzayambe kulowamo.