Mlendo amene anandifunsa za ulendo wa usipa

Ndine mayi wa ku Senga Bay, ndimatumiza usipa wouma ku Zambia. Mafomu a katundu wotuluka m'dziko amanditopetsa, choncho ndinasangalala Lolemba kutabwera bambo ena ovala bwino.

"Mayi, zamapepala zija tachepetsa," anatero. "Mungondiuza kuti matumba ndi angati, anyamuka liti, adzera msewu uti."

Ndinawauza zonse, ndi nambala ya lole yomwe.

Dzulo kunafika mayi a ku ofesi yowerengera katunduyo, atanyamula fomu ya tsamba limodzi. Nditawafotokozera, nkhope yawo inagwa.

"Sitinatume munthu ife. Ndipo zamsewu sitifunsa."

Amuna anga ananyamuka ndi loleyo dzana m'mawa. Foni yawo ikungoitana. Inu oyenda msewu wa Mchinji, mukaona lole yobiriwira itaima pathengo, chonde musangodutsa.